Msewu wa a Gombo Uli Bwino

Kwathu kuno ku Uliastai munthu woweta sanena zoipa za msewu umene akuti ayendemo, chifukwa msewu uli ndi makutu, ndipo ukamva ukunyozedwa umachita zomwe wanenazo. Ndiye tangoganizani a Gombo, nkhalamba youma mutu imene yasunga mwambo umenewu zaka makumi asanu ndi limodzi, ikulowa m'sitolo ya matayala ya mayi Yanjmaa, mayi wokulira mumzinda waukulu, amene ukawauza kuti "ndafa ndi njala" amakufunsa kuti maliro ndi liti.

Lole ya a Gombo, imene imagonera kwa mkamwini wawo m'tauni muno, inali panja itasenza mitolo ya udzu wouma mpaka pamwamba. Nkhosa zawo zinali kuseri kwa phiri, kupitirira mpata wa Tsagaan, zikudikira udzu umenewo pakati pa chipale chofewa chimene chinagwa sabata zitatu osalekeza. Koma matayala a loleyo anali atatha mano onse, osalala ngati chikhatho.

"Muli bwanji, mlongo wanga? Chisanu chikukuyenderani bwino?" anatero a Gombo akukutumula chipewa.

"Bondo lakumanzere likupweteka, ndipo paipi ya madzi inaphulika Lolemba," anayankha mayi Yanjmaa osatukula mutu. "Kaya inu?"

A Gombo anaphethira kawiri. Moni wotere anali asanaulandirepo chibadwire.

"Ife tili bwino. Ziweto zanenepa. Kwathu kuli mtendere."

"Chabwino. Ndikuthandizeni chiyani?"

"Matayala anayi. Awo." Analoza ndi dzanja lonse pakona pamene panali matayala akuluakulu, otambalala, a mano okuya moti chala chimalowamo chonse.

"Amenewo ndi a chipale chakuya."

"Eya. Awo."

"Atsala anayi omwewo. Ena abwera chisanu chikatha." Mayi Yanjmaa anasolola pepala ndi cholembera. "Ine sindigulitsa tayala ndisanadziwe msewu wake. Mukupita kuti?"

"Kumtunda."

"Kumtunda kwa chiyani?"

"Kuseri kwa mpata wa Tsagaan, thambo likalola."

"Msewu uli bwanji?"

"Uli bwino."

Mayiwo analemba. A Gombo anasuzumira n'kuona mawu awo omwe atakhala papepala: msewu uli bwino.

"Ndiye tengani awa," anatero mayi Yanjmaa akusisita matayala ang'onoang'ono okhala ndi timisomali. "Amagwira bwino pa madzi oundana a m'tauni. Ndi otchipanso."

"Sindikufuna awa. Ndikufuna awo."

"Akuluwo pa msewu wabwino amaterera, achimwene. Mukamakhota pa mlatho paja, inu mukhota koma lole ipitirira yokha, kukagwera mumtsinje. Anthu n'kumati Yanjmaa wapha nkhalamba."

"Ptu! Ptu! Ptu!" A Gombo analavulira pambali katatu. "Aaa, pakamwa panupo! Munthu ali paulendo mukumutchulira mtsinje?"

"Mtsinjewo ulipo. Ndikapanda kuutchula suchoka."

"Ndipatseni matayala ndizipita."

"Komanso pali munthu anawafunsa kale. Mwini hotela uja. Akuti msewu wake ndi woipa kwambiri."

"Msewu wake uti?"

"Wochoka kunyumba kwake kupita ku hotela."

"Umene uja? Koma abale! Munthu atayetsemula pakhomo pake, a ku hotela amamuuza kuti pepani!"

"Iye wanena kuti ndi woipa kwambiri. Inu mwanena kuti wanu uli bwino. Zonse ziwiri ndalemba. Matayala apita kumene kuli msewu woipa. Abwera 12 koloko."

A Gombo anayang'ana wotchi ya pakhoma. Inali itangopitirira 11 koloko. Nkhope yawo sinasinthe, chifukwa munthu amene wagulitsapo hatchi yopunduka mwendo sagwedezeka ndi mayi wa cholembera. Anakhosomola, nayamba kuzungulira nkhani monga tichitira tonse.

"Chaka chino, mlongo wanga, thambo latidalitsa."

"Ndi chiyani?"

"Ndi zoyera."

"Mkaka?"

"Zoyera zogwa kumwamba."

"Chipale."

"Mwanena ndinu."

"Chochuluka bwanji?"

"Dalitso saliyeza."

"Ine ndimaliyeza." Mayi Yanjmaa anatulutsa tepi yoyezera m'thumba la jekete n'kuiika patebulo. "Mverani. Chikakhala cha m'kakolo, ndi awa a timisomali. Chikafika pakati pa msongolo, ndi awa opyapyala, amacheka chipale n'kukaponda nthaka. Chikapitirira pamenepo opyapyala amangodzikumbira manda. Apo ndiye pamafunika otambalala aja, muwaphwetseko mpweya kuti lole iziyenda pamwamba. Tsono chanucho chafika pati?"

Mawu akuti manda a Gombo anawalavulira kamodzi kokha, poti malovu anali atayamba kuchepa. Kenaka anayang'ana kukhomo, nayang'ana pawindo, n'kuika chikhatho pachifuwa mwakachetechete.

"Chifuwa?" anafunsa mayi Yanjmaa.

A Gombo anagwedeza mutu mokondwa.

"Chayamba liti?"

"Ayi, ayi." Anadzimenya pachifuwa kawiri, maso ali tong'o.

"Ndi mtima? Khalani pansi."

"Sindikudwala ine!"

"Ndiye mukulumbira?"

"Tayang'anani bwino pamene pali dzanjali."

"Ndayang'ana. Batani lachoka. Singano ndi ulusi amagulitsa sitolo yachitatu kuchokera pano."

A Gombo anatsitsa dzanja. Anayenda mpaka kukhomo, nabwerera, akusisita ndevu.

"Pali munthu wina," anayamba, "mnzanga. Iyeyo msewu wake... watopako pang'ono."

"Dzina lake?"

"Sitingamutchule. Ndi wamanyazi."

"Amakhala kuti?"

"Pafupi ndi ine."

"Pafupi bwanji?"

"Pafupi kwambiri. Tingati chipewa timavala chimodzi."

"Umphawi umenewo. Amayenda msewu uti?"

"Woyandikana ndi wanga."

"Kumpata wa Tsagaan kuli msewu umodzi wokha."

"Iye amayenda mbali ya kumanzere."

"Ndipo mbali yanu?"

"Ili bwino."

"Ndiye mnzanuyo abwere yekha. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko." Mayiwo analemba mzere wina. "Mumuuzenso kuti kuyenda kumanzere ndi mlandu."

Apa a Gombo anakhala pa tayala lakale n'kuyamba kumasula lamba wa mkanjo, poti thukuta linali litayamba ngakhale kunja malovu amauma asanafike pansi. Mayi Yanjmaa anawathirira tiyi wamkaka wamchere m'kambale, chifukwa ngakhale anakulira mumzinda, mlendo samusiya kukhosi kuli gwa.

"Kuno mwabwera bwanji, poti lole imagonera m'tauni?" anafunsa.

"Pa hatchi."

"Mwayenda maola angati?"

"Ndinanyamuka Lamlungu."

"Lero ndi Lachitatu. Ulendo umenewo ndi wa theka la tsiku."

"Hatchi imafuna kuona dziko."

"Masiku atatu?"

"Ndi hatchi yachidwi."

"Ili kuti pano?"

"Yagona chammbali kwa mkamwini wanga. Ikusinkhasinkha zimene yaona."

"Hatchi yachidwi," anabwereza mayi Yanjmaa akulemba. "Nanga pa mulu wa miyala wa pampata paja, munaponyapo mwala wa ulendo?"

"Ndinaupatsa moni."

"Ndafunsa za mwala."

"Miyala inali itafunda."

"Muluwo munauona?"

"Ndinaona kansalu kabuluu kamene kali pamwamba pake."

"Mulu umene uja umakufikani pachifuwa."

"Eya! Eya! Pachifuwa!" A Gombo anadzambatuka, tiyi n'kutayikira pa nsapato. "Tsono mwamva!"

"Ndamva. Mulu wafupika." Analemba. "Anthu akuba miyala ya pamalo opatulika. Dziko laipa."

A Gombo anakhalanso pansi pang'onopang'ono. M'moyo mwawo anakanganapo ndi ngamila, ndi apolisi, ndi apongozi, koma onsewo ukawazungulira kokwanira amatopa. Mayi uyu sanali kutopa, ndipo choipitsitsa chake, sanali kuwaseka. Amangodikira yankho, cholembera chili m'mwamba. A Gombo anapisa dzanja m'mkanjo, natulutsa kabotolo ka fodya wonunkhiza, n'kukapereka ndi dzanja lamanja, lamanzere litachirikiza chigongono.

Mayi Yanjmaa anakalandira mwaulemu womwewo, ananunkhiza, n'kukabweza.

"Fodya wabwino."

"Anali wa malemu bambo anga. Tsopano ndife abale, mlongo wanga."

"Zikomo, achimwene. Msewu uli bwanji?"

"Uli bwino."

"Ndiye awa a timisomali."

"Asa!" A Gombo anatulutsa mpukutu wa ndalama za matugiriki womanga ndi mphira n'kuumenyetsa patebulo. "Ndalama izi! Sitolo ndi yogulitsa kapena ndi khoti?"

"Ndalama sizitsitsa kapena kukweza chipale," anatero mayiwo akukankha mpukutuwo ndi cholembera. "Koma ndaona kuti pakamwa panu pali vuto. Ngati simungathe kunena, lembani. Nali pepala."

A Gombo analandira cholembera. Anachiyang'ana, nachitembenuza, nachigunditsa papepala, kenaka anachikweza.

"Kodi msewu umadziwa kuwerenga?"

"Ayi."

"Nanga zikwangwani zonse zija amaikira ndani?"

"Oyendetsa galimoto."

"Ife tonse timadziwa kale kumene tikupita. Zikwangwani zija n'zoukumbutsa msewuwo." Anabweza cholembera. "Sindilemba."

"Chabwino."

"Tichite chonchi. Inu muzinena, ine ndizingogwedeza mutu."

"Tiyeni. Msewu wa kumpata ndi woipa?"

A Gombo anagwedeza mutu mwamphamvu kuvomera, mpaka chipewa kugwa. Koma pakamwa pamene pazolowera zaka makumi asanu ndi limodzi sipafunsa chilolezo kwa mwini wake.

"Uli bwino," panatero pakamwapo.

"Mutu ukuti inde, pakamwa pakuti ayi."

"Lembani za mutu!"

"Papepala pano palibe malo a mutu."

"Funsaninso. Ndigwira pakamwa."

"Msewu ndi woipa?"

A Gombo anatseka pakamwa ndi manja awiri, mutu ukukwera ndi kutsika.

"Mukufuna kusanza? Chidebe chili kuseri kwa chitseko."

"Mayo ine!"

Mayi Yanjmaa anasuzumira pawindo n'kuyang'ana lole ija kwa kanthawi.

"Udzu wonsewo ndi wa chiyani, poti ziweto zanenepa?"

"Ndi mphatso."

"Ya ndani?"

"Ya nkhosa. Zagwira ntchito chaka chonse."

"Zikudya bwino?"

"Zachepetsako."

"Chifukwa?"

"Ndi nkhosa zaulemu. Sizikonda kudya mosonyeza dyera."

"Zonse zili moyo?"

Funso ili linawabaya a Gombo, pakuti zina mwa nkhosazo anazilera ndi botolo m'manja mwawo momwe.

"Zina zikupumula," anatero motsitsa mawu.

"Ndiye palibe changu. Mphatso siwola m'chisanu. Dikirani chipale chisungunuke, mupite ndi matayala anu omwewo."

Foni ya patebulo inalira. Mayi Yanjmaa anamvetsera, nati "eya" katatu, n'kuiika pansi.

"Mwini hotela. Akuti wanyamuka, koma achedwako pang'ono chifukwa msewu ndi woipa kwambiri."

Anapita pakona paja, nagwetsa tayala loyamba, n'kuligubuduza mpaka pakhomo. A Gombo analitsatira ndi maso.

"Munthu amene uja matayala awa achita nawo chiyani?"

"Akuti amaoneka bwino pa chithunzi."

Tayala lachiwiri linadutsa.

"Mlongo wanga, tiyeni tikambirane ngati anthu."

"Tikukambirana. Msewu uli bwanji?"

"Uli... ndi makhalidwe ake."

"Abwino kapena oipa?"

"Ake."

Tayala lachitatu linadutsa, n'kuwaponda chala.

Mayi Yanjmaa atatembenuka kuti atenge lachinayi, anapeza a Gombo atalikhalira, miyendo atatambalitsa, manja atapinda.

"Tadzukani, achimwene."

"Sindidzuka."

"Limenelo si mpando. Mipando amagulitsa kumsika."

"Ndati sindidzuka!"

"Ndiye ndimuuza mwini hotela kuti lachinayi lili ndi nkhalamba pamwamba. Mwina alitenga choncho."

Wotchi inali kunena kuti kwatsala mphindi khumi kuti 12 koloko ikwane. A Gombo anaona kuti madzi afika m'khosi. Anaganiza za bambo awo, amene tsiku limene ziweto zawo zonse zinathera m'chisanu anayankha mlendo kuti kuli mtendere, ndipo anthu anawatama mpaka imfa yawo. Anaganizanso za mkazi wawo, a Dulam, amene anawasiya okha mu hema kuseri kwa phiri. Anachita mantha enieni, mantha a munthu amene akukathyola chinthu chimene makolo ake onse anachigwira bwino. Anadzuka, nakatseka chitseko, nakoka katani ya pawindo loyang'ana kumsewu.

"Msewu wa kumpata umayambira pati?" ananong'ona.

"Pa malo omwetsera mafuta. Makilomita awiri kuchokera pano."

"Mphepo ikulowera kuti?"

"Kum'mawa."

"Ndiye mawu sapita kumeneko." Anavula chipewa n'kuchigwira pamimba. "Lembani msanga, sindibwereza. Chipale chafika pano, pachifuwa. Pansi pake pali madzi oundana. Nkhosa zikufukula mpaka ziboda kutuluka magazi, udzu osaupeza. Zafa makumi anayi ndi zitatu, ndipo zotsalazo zayamba kudyana ubweya. A Dulam alowetsa zofooka mu hema, akuzimwetsa tiyi wathu yemwe. Udzu umene ndinawasiyira utha mawa. Ine ndinadutsa pamwamba pa chitunda ndikukoka hatchi, malo ena ndikukwawa. Msewu kulibe, mlongo wanga. Kulibe. Kwangoyera basi."

Atamaliza anatseka maso, kudikira kuti denga ligwe. Denga silinagwe. Chimene anamva ndi kachitsulo kozizira kakuwagunda pachifuwa.

"Imani mowongoka," anatero mayi Yanjmaa, tepi ili m'manja, phazi litaponda nsonga yake pansi. "Musapume. Mita imodzi ndi masentimita makumi atatu."

"Tsono ndipatseni matayala."

"Sangathe."

"Mwati bwanji?"

"Malire a matayala awa ndi theka la pamenepo. Chipale cha pachifuwa palibe tayala limene lingachidutse. Lole imira mpaka magalasi."



"Ndiye kuti ndanyoza msewu pachabe?"

"Simunaunyoze. Mwauyeza."

"Ayi, dikirani. Ndinalakwitsa. Chafika m'mawondo."

"Mwanena pachifuwa."

"Ndinali nditagwada!"

"Mumagwadira chiyani?"

"Ndimapemphera!"

"Mukanakhala mutagwada mukanandiuza ndisanayeze. Ndalemba kale."

"Fufutani!"

"Ndi inki."

A Gombo anangoti khwethe pa tayala lija, chipewa chili m'manja. Mwambo anathyola, matayala sanapeze, ndipo mawa nkhosa zidzadya chipale. Misozi inalengeza m'maso mwawo, iwo n'kunamizira utsi wa mbaula.

Mayi Yanjmaa sanawatonthoze. Anang'amba pepala lija pa mzere wake, napita ku chitseko cha kuseri, nachikankha ndi bondo lopweteka lomwelo.

"Sodnom! Mpata wa Tsagaan! Mita ndi makumi atatu! Munthu wanena ndi pakamwa pake!"

Kuseriko kunamveka kapu ikugwa, mpando ukugubuduka, ndi munthu akufunafuna nsapato motukwana.

"Ameneyo ndani?" anafunsa a Gombo.

"Amuna anga. Amayendetsa katapila wokankha chipale. Lamulo la ntchito yawo ndi lakuti amapita kokha kumene munthu wanena kuti msewu watsekeka, pepala lili m'manja. Mafuta ndi ochepa, sangangoyendayenda. Sabata zitatu akhala kuseriku akumwa tiyi."

"Sabata zitatu? Ife tikuvutika kumtunda, katapila ali pano?"

"Anthu a kumtunda abwera muno khumi ndi anayi. Onse ndawafunsa. Onse msewu uli bwino."

"Onse?"

"Wina anabwera pa ngamila, makutu atada ndi kuzizira. Anati kunja kuli kamphepo kotsitsimula."

"Ameneyo ndi Tsedev," anatero a Gombo monyadira pang'ono. "Analeredwa bwino."

"Wina anafika wopanda galimoto, atangonyamula chiwongolero. Anati galimoto yatsala ikucheza ndi chigwa."

"Nanga inu osangodziwa nokha?"

"Ndidziwe bwanji? Ine kumtunda sindinapiteko. Anthu akuluakulu khumi ndi anayi akandiuza kuti kuli bwino, ndiwayese abodza?"

Kunja kunamveka chiinjini chikutsokomola, kenaka chinabangula mpaka mawindo kunjenjemera.

"Katapila akatsogola amasiya chipale cha m'mawondo, malo ena kupitirirako," anapitiriza mayi Yanjmaa akugubuduza tayala lachinayi. "Pamenepo ndiye pa ntchito ya matayala awa. Mukafika patsinde pa phiri muwaphwetse mpweya mpaka mimba zawo zitambalale. Akumbuyo muwaveke matcheni. Musaponde mafuta mwaukali, chifukwa matayala adzangokumba pansi. Mukatitimira, bwererani m'mbuyo pang'ono m'mapazi anu omwe, kenaka muyambirenso."

"Ndiye mukundigulitsa?"

"Msewu wanu ndi woipa kuposa wa mwini hotela."

"Musanene mokweza!"

"Ndalemba kale."

Mwini hotela anafikadi ola litapitirira, napeza lole ya a Gombo itaima pa matayala atsopano, yatalika ngati ngamila. Anabwerera ndi aja a timisomali, akudandaula. Pa nthawi imeneyo katapila anali atatulukira kutsogolo kwa sitolo, utsi uli tolotolo, ndipo m'kachipinda kake koyendetsera munali a Sodnom, kamunthu kochepa thupi, ka imvi m'ndevu, kakutsokomola. Mayi Yanjmaa anakwera pa chitsulo cha katapilayo, nawamanga mpango m'khosi, nawaikira botolo la tiyi pambali, nawafunsa kawiri ngati avala masokosi awiri. Atatsika analowa m'sitolo n'kutuluka ndi chipande cha mkaka, umene timawaza kumbuyo kwa apaulendo. A Gombo anadabwa, poti sankaganiza kuti m'sitolo ya tepi ndi inki mungakhale chipande.

A Sodnom anatulutsa mutu pawindo, akukuwa kuti apose phokoso la injini.

"Achimwene! Sitinapatsane moni! Kumpatako msewu uli bwanji?"

Tsono a Gombo anali atalawa kukoma kwa kunena zoona, ndipo anaona kuti munthu safa nazo. Anakoka mpweya, natukula chifuwa, nakweza dzanja ngati wolalikira.

"Aaa, mng'ono wanga, kumeneko n'koopsa! Pokwera paja pali phompho kumanja, chipale chaphimba m'mphepete mwake moti sudziwa pamene nthaka yathera. Munthu ukangophonya pang'ono chonchi, ndiye kuti..."

"Ptu! Ptu! Ptu!"

A Gombo anacheuka. Wolavulayo anali mayi Yanjmaa. Nkhope yawo inali yomweyo ya m'sitolo, koma chipande chinali chitapendekeka m'dzanja, mkaka ukudonthera pa chipale.

"Uli bwino," anakuwa mayiwo, maso ali pa a Sodnom. "Msewu uli bwino. Pitani mukabwere."

Anawaza mkaka kumbuyo kwa katapila, nawaza wina pa matayala a lole.

"Koma mlongo wanga," anatero a Gombo, "si inu nomwe mwayeza? Mita ndi makumi atatu! Mwalemba ndi inki!"

"Zimene ndalembazo ndi za matayala, achimwene. Awa ndi amuna anga."